Mai Wapakati ndi Udindo Wathu: Mau a Mlembi wa Mvano pa Tsiku la Chikondwerero

 Tikuthokozani chifukwa mwasiya ntchito zanu kudimba, kumpunga ndi kudooko, ndipo ena mwachita kuoloka nyanja pabwato kuti mudzakhale nafe pa tsiku lino.

Komiti inatituma kuti pamodzi ndi nyimbo ndi malipoti a chaka tilankhulepo za chinthu chimodzi chokhudza nyumba iriyonse muno, ndicho kusamala mai woyembekezera ndi mwana wake. Ife sitiri anamwino ai. Mau amene tinene ndi omwe aja anamwino ndi azamba a kuchipatala amaphunzitsa kusikelo, koma ife tawasonkhanitsa pamodzi kuti alembedwe, ndi kuti amene adziwa kuwerenga akawerengere anzao. Makolo athu poona mai woyembekezera anati "ali ndi pakati," ndiye kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Munthu wotere sasiyidwa yekha. Ndife amene timalangiza atsikana, ndife timadikirira odwala, ndipo zikavuta ndife timagona pamaliro. Tsono nkoyenera kuti tidziwe zoona.

Kafukufuku wa Boma wa mu 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo m'Malawi muno, amai 984 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Mu 2010 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 675, ndipo mu 2015 ndi 2016 chinafika pa 439. Kutsikaku kunadza chifukwa amai ambiri anayamba kupita kusikelo ndi kukachirira kuchipatala. Koma mai mmodzi akamwalira, ana ake satonthozedwa ndi manambala.

CHOYAMBA: KUSIKELO

M'mera mpoyamba. Mai ayambe sikelo miyezi itatu yoyamba isanathe, pamene wangoona kuti wadumpha mwezi kawiri. Tidziwa kuti ambiri amabisa mimba yaing'ono poopa anthu oipa mtima, ndipo amadikira kuti iyambe yaoneka. Palibe amene akuti mulengeze pachitsime. Namwino yekha ndiye auzidwe, ndipo iye amasunga chinsinsi. Kale ankati mai apite kusikelo kanai. Mu 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linati kukhale kasanu ndi katatu, pakuti mabvuto ena amayamba mwakachetechete pakati pa ulendo wina ndi unzake.

Nanga namwino amafunanji pamenepo? Amayeza kulemera kwa mai. Amamanga lamba pamkono kuti aone kuthamanga kwa magazi. Amayang'ana m'maso ndi m'zikhato kuti aone ngati magazi ali ochepa. Amapima mimba ndi kumvetsera mtima wa mwana, ndipo miyezi ikapita amaona m'mene mwanayo wagonera. Amatenga timagazi ta pachala kuyeza HIV ndi chindoko. Chindoko chimapha ana ambiri m'mimba, koma chimachira ndi jekeseni, ndipo abambo ayenera kubayitsa nao, kupanda kutero adzampatsiranso mai. Pali katemera wa kafumbata, neti yoteteza udzudzu, mapiritsi oonjezera magazi, ndi mankhwala a njoka za m'mimba amene amaperekedwa miyezi itatu ikatha. Kumene kuli makina ounikira, ndi bwino kuunikitsa miyezi isanakwane isanu ndi umodzi, kuti adziwe msinkhu wa mimba ndiponso ngati ali mapasa.

Ife a kunyanja tiri ndi mabvuto athu. Udzudzu wa m'mabango ndi m'minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi sutha chaka chonse. Malungo amakabisala m'nsengwa imene imadyetsa mwana, kotero kuti mai angathe kumayenda bwinobwino pamene mwana akufota m'kati. Likodzo nalo liripo, popeza timachapa, kutunga ndi kuoka mpunga m'madzi. Mai amene aona magazi m'mkodzo anene kusikelo osachita manyazi, pakuti mankhwala ake alipo.

Zizindikiro izi tiziloweze pamtima monga timachitira ndi nyimbo: kutaya magazi ngakhale pang'ono, mutu wopweteka kwambiri pamodzi ndi kuona chizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kutayika kwa madzi matenda asanayambe, kupuma mobvutika, ndi mwana kuleka kusewera m'mimba. Mai akatupa nkhope tisamamuseke kuti ndi mapasa. Kawirikawiri ndi magazi othamanga, ndipo akachedwa amagwa ndi kuphupha ngati wakhunyu. Chimodzi cha izi chikaoneka, ulendo ndi wa nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

CHACHIWIRI: MANKHWALA

Chimene mai wamwa, mwana wamwanso. Pakati pa 1957 ndi 1961 ku Germany, ku Britain ndi ku maiko ena kunkagulitsidwa mankhwala otchedwa thalidomide, amene amai ankamwa poletsa mseru ndi kuti agone tulo. Ana oposa 10,000 anabadwa ndi manja ndi miyendo yosakwanira. Kuyambira pamenepo dziko lonse linaphunzira kuti mankhwala abwino kwa munthu wamkulu angathe kuononga mwana wosabadwa, makamaka m'miyezi itatu yoyamba pamene ziwalo zake ziri kuumbika.

Chifukwa chake mai wapakati asamwe mapiritsi ogula pamsika, pa tebulo, kapena otsala a mnzake. Brufen, Indocid ndi aspirin, amene anthu amakonda kumwa msana ukapweteka, angathe kuononga impso ndi mtima wa mwana, makamaka m'miyezi yomaliza, ndiponso amachititsa kutaya magazi. Amwedwe pokhapokha dokotala atalemba yekha. Makapusozi ena, monga tetracycline ndi doxycycline, amaononga mano a mwana. Panado ndiye wololedwa, koma mapiritsi awiri pa nthawi imodzi, osapitirira 8 pa tsiku, ndipo kutentha thupi sikoziziritsa ndi Panado kunyumba ai, nkokayezetsa malungo. Namwino ndiye asankhe mankhwala a malungo molingana ndi miyezi ya mimba.

Amene amapatsidwa kusikelo ndiwo tiwamwe mokhulupirika. Dziko lathu ndilo linali loyamba mu Africa kuyamba kupereka Fansidar kwa amai apakati kuwateteza ku malungo, mu 1993. Amamwa mapiritsi atatu pamaso pa namwino, miyezi itatu yoyamba itatha, ndipo amabwereza pakapita mwezi, kosachepera katatu mimba isanathe. Koma mai amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku samwa Fansidar, chifukwa mankhwala awiriwa ndi apachibale ndipo akakumana amapweteka thupi. Ndicho chifukwa chake buku la kuchipatala lisamatsale kunyumba, ndipo mai anene mankhwala onse amene akumwa.

Mapiritsi oonjezera magazi amadetsa chimbudzi ndipo ena amawachititsa mseru. Zimenezi siziopsa. Mwerani madzulo mutadya. Pali mphekesera yakuti amakulitsa mwana kuti mai abvutike pochira. Si zoona. Ntchito yao ndi kudzaza magazi, ndipo mai wa magazi ochepa ndiye amafa msanga akataya ngakhale pang'ono pobereka.

Mu 2011 Malawi anayamba kupereka ma ARV kwa mai aliyense wapakati kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV, kwa moyo wake wonse, ndipo maiko ena ambiri anatengera kwa ife. Mai womwa mwandondomeko amabereka mwana wopanda kachirombo nthawi zambiri. Mwanayo amapatsidwa mankhwala amadzi ndipo amayezedwa atakwana masabata 6. Ife a Mvano tisakhale oloza chala. Mai amene akuopa miseche amabisa botolo, kenaka amaleka kumwa. Chimodzimodzi mai wa khunyu, wa shuga kapena wa magazi othamanga asaleke yekha mankhwala ake, koma akaonane ndi dokotala, makamaka asanatenge mimba, pakuti ena a mankhwala amenewa amafunika kusintha.

Tinenenso za mwanamphepo ndi zitsamba zina zofulumizitsa matenda. Amene amazipereka amatero mwachikondi, ndipo nthawi zambiri ndi agogo kapena apongozi. Koma zitsambazi ziribe muyeso. Zimafinya chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, ndipo chiberekero chingathe kung'ambika. Madzi akatayika saoleka. Ngati mai wamwetsedwa kale, wodikirira anene poyera pofika kuchipatala kuti azamba adziwe chochita. Kachasu, masese ndi fodya, wosuta kapena wofwenkha, nazo ndi zoleka mimba yonse.

CHACHITATU: ZA KUMTUNDU

Apa tifuna tidekhe, chifukwa maukwati ambiri atha ndipo amai ambiri anenedwa ufiti kapena chigololo pa zinthu zimene palibe anachimwa.

Pali nthenda ya magazi yotchedwa sickle cell. Timbulu ta magazi timene tiyenera kukhala tobulungira timapindika ngati zenga lomwetera udzu, ndipo timatsekeka m'mitsempha yaing'ono ndi kufa msanga. Mwana amabadwa wooneka bwino, koma pofika miyezi isanu ndi umodzi amayamba kutupa timanja ndi timapazi, kulira ndi ululu wa m'mafupa, maso achikasu, ndi kuikidwa magazi kawirikawiri. Kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti pafupifupi ana 9 mwa ana 100 alionse m'dziko muno ali ndi mbeu ya nthendayi ngakhale sadwala.

Kayendedwe kake nkotere. Tiyerekeze kuti bambo wafumbata nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira, ndipo mai nayenso wafumbata yoyera ndi yofiira. Mwana aliyense amatola nyemba imodzi kwa bambo ndi imodzi kwa mai, atatsinzina. Akatola zoyera zonse, alibe kanthu. Akatola yoyera ndi yofiira, ali ngati makolo ake, wonyamula mbeu koma wosadwala. Akatola zofiira zonse ziwiri, ndiye wodwala. Motero pa mimba iriyonse mpata wakuti mwana adwale ndi umodzi mwa inai. Sitikuti pa ana anai wodwala adzakhala mmodzi ai, pakuti maere amayambanso mwatsopano pa mimba iriyonse. Banja lina lidzakhala ndi odwala awiri, lina lopanda ndi mmodzi yemwe. Chachikulu nchakuti mwana sangadwale nthendayi ngati bambo sanaperekeko nyemba yake. Tsono mau aja akuti "kwathu kulibe zotere, nza kuchikazi" ndi mau osadziwa.

Kuyeza magazi kumaonetsa amene ali ndi mbeuyi. Sikuchitika pachipatala chaching'ono chirichonse, koma namwino amalemba kalata yotumiza kuchipatala chachikulu. Ngati m'banja mwanu kapena mwa amuna anu munafa ana aang'ono motsatizana ndi kusowa magazi, nenani kusikelo pa ulendo woyamba. Anyamata ndi atsikana a m'mabanja otere angathe kuyezetsa asanalowe m'banja kuti adziwe pamene aima. Mwana wodziwika msanga amasamalika: amamwa penicillin ndi mankhwala oteteza malungo, amalandira katemera yense, amagona m'neti, amamwa madzi ambiri, amafunditsidwa nthawi yozizira, ndipo kuzipatala zazikulu kuli mankhwala otchedwa hydroxyurea ochepetsa ululu. Ambiri amakula ndi kuphunzira sukulu.

Chialubino chimayenda m'njira yomweyo ya nyemba ziwiri. Makolo onse awiri akuda angathe kubereka mwana wachialubino, ndipo mwanayo ndi wa bamboyo ndithu. Kalembera wa mu 2018 anawerenga anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Mafupa ao ndi mafupa ngati athu, mulibe chuma. Mdani wao ndi dzuwa, limene limabweretsa khansa ya pakhungu, ndiye mwana wotere afunika chipewa chachikulu, zobvala za manja aatali, mafuta oteteza khungu a kuchipatala, ndi kukhala kutsogolo m'kalasi chifukwa maso ake saona patali. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Timuyang'anire popita kusukulu ndi pobwerera.

Zilema zina si za kumtundu konse. Mwana wobadwa ndi chotupa kumsana nthawi zambiri chimayamba m'masiku 28 oyamba a mimba, pamene msana uli kutsekeka, ndipo kusowa kwa folic acid m'thupi la mai kumaonjezera ngoziyi. Folic acid ali m'mapiritsi aja oonjezera magazi ndi m'masamba obiriwira, ndipo ichi ndi chifukwa china choyambira sikelo msanga. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika amaongoka ndi pulasitala akayamba ali wakhanda, ndipo mlomo wong'ambika umasokedwa. Ku Blantyre, ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi ku Beit CURE, kuli madokotala a ntchito zotere. Tisabise ana amenewa kuchipinda.

CHACHINAI: CHAKUDYA

A zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za nyemba, za masamba, zipatso, ndi za mafuta. Mai wapakati aonjezere kudya kamodzi pa tsiku pamwamba pa m'mene amadyera, ndipo woyamwitsa aonjezere kawiri. Izi sizifuna golosale. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera, popeza pokonola timataya zabwino ndi madeya. Matemba athu ndi chuma, chifukwa timadya ndi mutu ndi minga yomwe, ndipo m'menemo muli zolimbitsa mafupa ndi zoonjezera magazi. Makumba, mlamba, mazira, nandolo, khobwe, nzama, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, kholowa, mbatata yofiira m'kati, mango, mapapaya, magwafa, zonsezi ziri pakhomo pathu.

Inu abambo a kunyanja, timvereni. Musagulitse dengu lonse kwa ogula a ku Zomba ndi ku Limbe ndi kusiyira mai wapakati nsima ya mchere. Patulani za pakhomo poyamba. Ndipo ife amai tileke kudya zotsala m'mphika titagawira onse.

Miyambo ina imaletsa mai wapakati mazira, akuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndipo ena amaletsa mlamba. Amai ambirimbiri adya zimenezi ndi kubereka ana a tsitsi lao. Mau a akulu timawalemekeza, koma pamene aletsa chakudya chomanga thupi tiwafotokozere mwaulemu. Kulakalaka dothi kawirikawiri ndi chizindikiro cha magazi ochepa, ndipo dothilo limabweretsa njoka za m'mimba. Tiyi asamwedwe pamodzi ndi chakudya kapena ndi mapiritsi a magazi, chifukwa amatsekereza zoonjezera magazi kulowa m'thupi. Papite ola limodzi kapena awiri. Chipatso chowawasa ndicho chimathandiza. Mchere ukhale wa m'paketi wokhala ndi ayodini, wosungidwa m'chotsekera, pakuti umateteza chithokomiro ndi kukuza nzeru za mwana. Madzi akumwa tiwaphitse kapena kuthira mankhwala, popeza kolera sachedwa kubuka kunyanja kuno.

Achikulire muno akumbukira kuti Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato atakhala pamatope pa Kachulu. Nsomba si za masiku onse. Chifukwa chake nyumba iriyonse ikhale ndi kadimba, nkhuku zingapo, ndi mfutso wosungira chilimwe.

CHACHISANU: KUCHIRA

Kuchokera pa Kachulu kufika ku Zomba Central Hospital ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo a pa Chisi ayenera kuyamba aoloka. Mvula ikakula, monga tinaonera ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, misewu imaduka. Tsono mwezi wachisanu ndi chinai ukayamba, mai wa kutali apite kuchidikiro. Makamaka wa mimba yoyamba, wamng'ono msinkhu, wobereka kambiri, wa mapasa, ndi amene anang'ambidwapo. Ndalama ya njinga yamoto kapena bwato isungidwe padera kuyambira miyezi yoyamba, pamodzi ndi zitenje zoyera, beseni ndi chakudya cha wodikirira. Abambo akapita kukakhala kuzimbowera, asiye mau kuti matenda akayamba mai anyamuke osadikira chilolezo.

Matenda akatalika, chifukwa chake chingathe kukhala njira yochepa kapena mwana wogona molakwika. Kumuumiriza mai kuti aulule amuna ndi kutaya nthawi imene ikanapulumutsa moyo, ndipo kuchedwa kotere ndiko kumasiya amai akudontha mkodzo.

Mwana akabadwa ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi, ndiwo chitetezo chake choyamba. Ayamwe bere lokha miyezi 6, osampatsa madzi, phala kapena mankhwala a chikuda. Pamchombo pasapakidwe phulusa kapena china chirichonse. Mwana wobadwa masiku asanakwane aikidwe pachifuwa cha mai, khungu ndi khungu, ndi kumangidwa ndi chitenje. Njira imeneyi, yotchedwa kangaroo, m'Malawi muno inayambira kwathu konkuno ku Zomba Central Hospital mu 1999, ndipo abambo ndi agogo angathe kulandizana naye mai. Mai abwerere kuchipatala pakatha sabata limodzi ndi pakatha masabata 6, ndipo thupi lipumule zaka ziwiri asanatenge mimba ina. Malamulo a dziko kuyambira mu 2017 salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Ife alangizi tikhale oyamba kuwasunga.

ZIMENE TIPEMPHA

Mutu umodzi susenza denga. Tipempha kuti m'mudzi uliwonse amai awiri a Mvano adziwe oyembekezera onse, awakumbutse tsiku la sikelo, ndi kuperekeza amene akuopa. Tipempha kuti pa thumba lathu tipatule kandalama ka ulendo wadzidzidzi, kakhale m'manja mwa msungichuma, kobweza pambuyo. Pa chilangizo cha mimba yoyamba tiphunzitse zizindikiro zoopsa zija, ndipo tiitane mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu adzatithandize. Mai akapita kuchidikiro, tigawane ntchito yotunga madzi, kuphikira ana otsala ndi kupalira munda wake. Ndipo zimenezi tichitire mai aliyense, wa mpingo wathu, wa mpingo wina, kapena mnansi wathu wa Chisilamu, pakuti uchembere susankha.

Safunsa anadya phula. Mukafika kusikelo funsani, ndipo ngati simunamve funsaninso. Mau awa mukawawerenge kunyumba pamodzi ndi abambo, ana akuluakulu ndi apongozi. Chaka chamawa pa tsiku ngati lino tidzafuna kumva kuchokera ku mudzi uliwonse kuti ndi amai angati anachira, ndi kuti onse ali moyo ndi ana ao kumsana.